Lenzi ya Atate

Ku Chipata, bambo akagula kamera yoyamba ya DSLR, kaya Canon kaya Nikon, imabwera ndi kalenzi ka 18-55mm, kokwanira kujambulira ana pakhonde. Koma mtima wawo umakhala pa chilenzi cha 70-300mm: ati pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, mu February, adzakoke nkhope ya mfumu Mpezeni ali kumbuyo kwa khamu.

Nc'walayo ndi kamodzi pachaka. Pabalaza, chilenzicho chimangotola mphuno ya agogo.

Yowathandiza madzulo, magetsi atathima, ikanakhala ya 50mm f/1.8, yotchipa komanso yolowetsa kuwala kochuluka, kungoti ndi yaifupi, anansi sangaione. Bambo akadali kupotokola malenzi, mayi ajambula kale pafoni n'kutumiza, azakhali ku Katete ayamba kufunsa chifukwa chake mwana waonda.