Tsiku Losintha Oyilo, Bwana Amakwawa

Galimoto zothamanga, zija zazitseko ziwiri zomwe anyamata akuitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, zinabadwa zogwada. Eni ake amatidutsa pamsewu mphepo yokhayokha, moni osapereka. Koma oyilo akada, bwana yemweyo mumupeza chagada pafumbi, miyendo yokha ili panja.

Mkulu wina ku Lilongwe anagula Mazda MX-5 nalumbira kuti makaniko sadzaigwira. Loweruka m'mawa anabwereka jeke wa Hilux kwa neba, koma jekeyo anakana kulowa pansi. Anakweza matayala pa matabwa, jeke n'kulowa, kenaka anayamba kusanja njerwa zoti galimoto ikhalepo. Apongozi ake aakazi, omwe anabwera kudzaona zidzukulu, ankangoyang'ana ali pamkeka. Pomaliza anatsokomola.

"Bambo, pepani ndilankhuleko. Njerwazo n'zomwe zija zinasweka potsitsa m'lole?"

"Zomwezo, amayi."

"Ndiye mwana wanga avale zakuda chifukwa cha oyilo wosakwana malita 5?"

Mkuluyo anapita kukagula masitandi achitsulo. Apongozi anali ndi mfundo: jeke ndi wokwezera basi, ndipo njerwa sichenjeza ikafuna kuphwanyika.

Fyuluta ya MX-5 yoyambirira, ija inatuluka mu 1989, anaibisa m'mbali mwa injini pomwe diso silifika. Mumaifuna mopapasa. Dzanja la mkuluyu linalowa bwinobwino, potuluka wotchi inatsalira komweko.

Wina ndiye anagula Toyota 86, yomwe Toyota anapangira limodzi ndi Subaru n'kuitulutsa mu 2012. Atamva za mavuto a mnzake uja, anakonzekera nkhondo: tochi pakamwa, katoni pansi, chovala cha ntchito chatsopano. Anakwawa ola lathunthu kusaka fyuluta. Mwana wake wa sitandade 3, ataima pa mpando n'kusuzumira mu boneti, anafunsa, "Adadi, kachitini kali pamwambapa n'kachiyani?" Pa galimoto imeneyi fyuluta ili pamwamba penipeni, moti munthu angaimasule atavala suti. Mwanayo anapatsidwa ndalama ya fanta ndi lamulo loti asakauze amayi ake.

Injini yomweyi imamwa oyilo wamadzimadzi wa 0W-20. Mnyamata wa pasitolo ya masipeyala anatulutsira mwini wake 20W-50, nati, "Oyilo ndi oyilo, bigi, maminibasi onse amamwa yemweyu." Ine ndimati wogulitsa akayamba kuchitira umboni ndi minibasi, tsegulani buku la galimoto yanu muwerenge nokha.

Nkhani yomwe amakaniko amaikonda kwambiri ndi ya mabawuti awiri. Pansi pa Subaru zambiri, bawuti ya sampu ndi ya giyabokosi sizitalikirana, ndipo munthu wogona chagada zonse amaziona zofanana. Bambo wina anamasula yolakwika. Mkazi wake, akudutsa ndi ndowa, anaima.

"Bambo a mwana, bwanji oyilo wake ndi wofiira?"

"Za mpikisano zimatero, mayi. Inu kaoneni ndiwo."

Wofiirayo anali wa giyabokosi ya otomatiki. Atatha anathira oyilo watsopano mu injini yomwe inali ikadali yodzaza ndi wakale. Oyilo akachuluka choncho, kirankishafuti imamumenya mpaka thovu, wina n'kukapsa. Utsi womwe unatuluka unachititsa aneba kubwera kudzathokoza kuti wawathamangitsira udzudzu. Galimoto inapita kugalaja pa chingwe, ikukokedwa ndi kaVitz ka mlamu wake yemwe ankamuseka masiku onse. Njira yonse mlamuyo anayenda pang'onopang'ono, mawindo otsitsa, akupereka moni kwa aliyense.

Palinso kamphira kozungulira ka pa fyuluta. Kakale nthawi zina kamakakamira pa injini, ndiye mukamanga fyuluta yatsopano pamwamba pake timphira timakhala tiwiri. Injini ikangolira, oyilo yense amathawira pansi kamphindi kochepa. Mnyamata wina zinamuchitikira pakhonde la nyumba ya lendi, landilodi ataima pomwepo kudikira ndalama za mwezi. Landilodi sanakalipe. Anangotulutsa cholembera n'kuwonjezera thumba la simenti pa lisiti. Kamphira katsopano mumakapaka oyilo pang'ono ndi chala, fyuluta n'kumanga ndi dzanja. Sipanala ndi yomasulira.

Makaniko wina wobwerera kuchokera ku Joni amasimba za Porsche 911 yakale, ya injini yozizira ndi mphepo. Tsiku loyamba anatsegula kutsogolo n'kupeza tayala la sipeya, mpaka anafuna kukauza bwana kuti injini aba. Ili kumbuyo. Oyilo wambiri sakhala mu sampu koma mu thanki yapadera, choncho mabawuti otsitsira ndi awiri, ndipo onse pamodzi amatulutsa pafupifupi malita 10. Iye anatchera beseni la malita 5. Akuti beseni litadzaza anatseka dzenje ndi chala, oyilo ali wotentha, n'kuyamba kuitana anthu m'Chichewa, m'Chizulu, kenaka m'chinenero chomwe mpaka lero sakuchidziwa. Poyeza oyilo pa galimoto imeneyi injini imayenera kukhala ikulira ndiponso yotentha. Zimenezo anamuuza atathira kale malita awiri owonjezera.

Oyilo wakudayo musataye m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Muthireni m'chigubu, mutseke, ndipo ngati chigubucho chinali cha mafuta ophikira, lembanipo ndi zilembo zazikulu. Wopaka mitengo ya mpanda poopa chiswe abwera yekha kudzapempha. Washa wa pa bawuti ya sampu ikani watsopano, ndi wotchipa. Ndipo musanathire oyilo wodulayo, suzumirani pansi muone ngati bawutiyo mwaibwezera.