Babu Losatentha ndi Bulangete la m'Siling'i

Nyumba zambiri za ku Area 10 ndi Area 43 zilibe babu limodzi lolendewera pakati pa balaza. Zili ndi timababu tolowa m'siling'i, toyang'ana pansi ngati maso a kadzidzi. Agogo aNachisale, pofika kuchokera ku Mitundu, anapeza mdzukulu wawo Limbani ali pamakwerero, akuzula ta halogen n'kumaikamo ta LED.

"Iwe mwamuna wanga wosalima, ukuzuliranji mano osawawa? Dzulo onsewa amayaka. Bambo ako amatuluka thukuta ku Capital Hill kuti iwe uzitaya zinthu zamoyo?"

"Agogo, nkhani ndi mayunitsi. Lililonse mwa akalewa limadya mawati 50, pomwe la LED lowala chimodzimodzi limadya 5. Muno alimo 12. Akamayaka maola asanu madzulo alionse, pamwezi amatha mayunitsi 90, koma atsopanowa atha 9. Magetsi ambiri olowa mu halogen sasanduka kuwala, amasanduka moto, n'chifukwa chake mayiko a European Union pofika mu 2018 anali ataletsa ambiri mwa iwo m'masitolo."

"Moto unakhala tsoka liti? Anapiye a mazira amawaikira babu kuti afunde. Mu Juni, Lilongwe akazizira, mudzawafuna."

"Kutenthako sikutsikira kwa inu, Agogo, kumakwera. Bambo amagula mayunitsi, ofunda ndi makoswe a m'denga. Ndiye mu Okutobala, malata atapsa kale ndi dzuwa, ife n'kumasonkhezeranso mbaula 12 pansi pake."

Apa mnyamatayu sanalakwe, ndipo masamu akewo satha pa mita ya nyumba imodzi. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amapanikizika madzulo, aliyense akayatsa nyale ndi chophikira nthawi imodzi. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, kuthimathima kwa magetsi n'kukhala ndiwo za tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu ndi miyezi. Limbani atawafotokozera izi, agogo anafunsa ngati iye ndi timababu take abwezeretse damu. Sangabwezeretse, koma mawati 540 opulumuka m'balaza limodzi, mukawawerenga m'nyumba 2,000, apitirira megawati imodzi imene sinafune simenti kapena ngongole yakunja. Za mtengo, n'zoona kuti LED yabwino imadula kuposa halogen, koma kusiyanako kumabwerera kudzera pa mita, bola babulo likhalitse. Pa kukhalitsako m'pamene nkhalamba inamupezera mdzukulu.

"Chili m'mapepalacho n'chiyani, chonga thonje lachikasu?"

"Ndi insulation, Agogo. Poyamba tinkasiya mipata kuzungulira babu lililonse poopa moto, chifukwa halogen imatentha moti thabwa loyandikana nayo limatha kuda. Tsopano poti LED satentha, ndiyala paliponse osasiya mpata."

"Satentha, koma amadya?"

"Pang'ono."

"Mwana wa sukulu iwe, chakudya pang'ono chimapitanso kuthengo pang'ono. Chilipo chodya chosatulutsa? Ngati kukamwa kwake kuli kozizira, kagwire kumbuyo."

Limbani anagwira kumbuyo kwa babu limene linali litayaka kwa ola, n'kubweza dzanja msangamsanga, ati kuti akande m'mutu. Mawu akuti LED satentha ndi a pa kauntala ya sitolo. Imatentha pang'ono, koma kutenthako kumasonkhana kumbuyo, kumene kuli tizipangizo tosintha magetsi ndi chitsulo chotayira kutentha mumpweya. Mukachifunditsa insulation, pansi pa malata a mu Okutobala, nyumba mwina siipsa, koma babu lolembedwa pa katoni kuti likhala maola masauzande ambiri limayamba kuphethira n'kufa msanga. Eni nyumba amatukwana wogulitsa wa ku Old Town kuti wawagulitsa zachinyengo, ndipo zachinyengozo zilipodi, koma ena mwa mababuwo amakhala atafa ndi bulangete. Wina anganene kuti kusiya mipata n'kuononga ntchito ya insulation, poti mpata uliwonse ndi khomo la kutentha. Ayankhidwe kuti pali zotengera mababu zolembedwa IC, zopangidwira kukhudzana ndi insulation, palinso zipewa zovundikira kumbuyo kwa babu zosiya mpweya mkati. Popanda chimodzi mwa ziwirizi, mpata ukhalepo.

M'dengamo mulinso china chosaoneka uli pansi. Mababu a GU10, opotokola poika, amalandira mavoti 230 mwachindunji ndipo kusintha kwake n'kosavuta. A MR16, a timiyendo tiwiri tonga singano, amayendera mavoti 12, ndiye kumbuyo kwake kuli kathiransifoma kozolowera katundu wolemera. Kakapatsidwa mawati 5 kena kamaona ngati palibe kanthu, nyale n'kumaphethira ngati koloboyi wotha parafini. Imeneyo ndi ntchito ya wamagetsi wachiphaso, atathimitsa pa main switch.

"Ndiye digiri yako yonse ija yagwidwa ndi funso la kuthengo," anatero agogo. "Yatsa tione."

Balaza linayera kuti mbee.

"Ii! Ndaoneka ngati ndagonekedwa kuchipatala cha Central. Nsima ioneka bwanji pamenepa?"

"Awa ndi a 6500K, Agogo. Alipo a 2700K, ofiirira ngati akale aja."

"Kabweze ukatenge amenewo. Akalewa undikulungire m'chitenjemu, ndikaikire anapiye."

"Koma kwanu kulibe magetsi."

"Amene anabwera kudzapempha mavoti anati akubwera. Iwe kulunga."