Mwambo wa Kutsatsa Buku pa Foni ku Machinjiri

Kulemba mabuku m'Chichewa ndi ntchito yakale m'Malawi, ndipo njira imene buku linkayenda kuchokera kwa mlembi kukafika kwa wowerenga inali yodziwika bwino. Pamene Samuel Josiah Ntara ankalemba Nthondo, buku limene linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa, analibe khamu la anthu omuuza usiku uliwonse kuti mwininkhani akwatire yani, ndipo alembi a pambuyo pake monga John Gwengwe, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani ankapereka zolemba zawo kwa osindikiza, osindikizawo n'kuzikonza, wowerenga n'kudzakumana ndi buku litatha kale, lili m'sitolo kapena m'kalasi. Masiku ano dongosololi linatembenuka, chifukwa mlembi amene makampani osindikiza sanamulabadire, popeza ambiri mwa iwo amadalira mabuku a sukulu amene msika wake ndi wotsimikizika, amadzisindikizira yekha ndi kudzitsatsira yekha pa Facebook ndi pa WhatsApp, motero wowerenga amafika msanga, buku lisanalembedwe n'komwe, ndipo kawirikawiri amachokanso msanga, mtengo ukangotchulidwa.

Machinjiri ndi malo oyenera kuonerapo mwambo umenewu pa zifukwa ziwiri. Choyamba, derali ndi lotambalala, logawidwa m'maeriya odziwika ndi manambala, ndipo anthu ake ambiri amagwira ntchito ku Limbe, m'tauni ya Blantyre kapena ku mafakitale a ku Chirimba ndi ku Makata, kotero kuti m'mawa ndi madzulo amakhala nthawi yaitali m'minibasi yodikira kudzaza, chala chili pa foni, mtima uli wokonzeka kuyamikira chilichonse chosalipiritsa. Chachiwiri, anthuwa amadziwana kutchalitchi, kumzikiti, ku banki m'khonde, pamsika wa Luwanda ndi pamaliro, ndipo pakati pa anthu odziwana chotere kukana mnzako poyera ndi mwano waukulu, pamene kumulonjeza chinthu chimene sudzachita kumawerengedwa kuti ndi ulemu.

Gawo loyamba la mwambowu ndi kulengeza, ndipo limayamba ndi chithunzi. Mlembi amabwereka jekete, n'kujambulitsa atagwira chibwano, maso ataloza ku phiri la Ndirande, kenako amawonjezera udindo wa "mlembi" patsogolo pa dzina lake n'kudziwitsa dziko kuti chinachake chachikulu chikubwera posachedwa. Pasanathe ola limodzi amalandira malayiki, amene ndi tizizindikiro ta chala chachikulu tosonyeza kuti munthu wadutsa ndipo wapereka moni, komanso makomenti, amene ndi mawu olembedwa pansi pa chithunzi, monga akuti "Tikukunyadirani akulu," "Machinjiri yatulutsa munthu" ndi akuti "Kope loyamba ndi langa." Mawu otsirizawa amalembedwa ndi anthu ambirimbiri, ngakhale kuti masamu amavomereza kope loyamba limodzi lokha. Pa nthawi imeneyi bukulo limakhala ndi dzina, tsamba lothokoza Mulungu ndi makolo, ndiponso tsiku lokhazikitsira, pamene mitu yake ikadali m'mutu mwa mwini wake.

Gawo lachiwiri ndi limene akatswiri a zamalonda amalitcha kutengapo mbali kwa owerenga, kutanthauza kuti ogula amafunsidwa maganizo katundu asanapangidwe, poyembekezera kuti adzamuona ngati wawo n'kumugula. Mlembi amaika zikuto zitatu n'kupempha anthu kuti avotere chimodzi, ndipo apa m'pamene pamaonekera kuti m'Machinjiri mulibe munthu wosadziwa zojambula. Wina amadandaula kuti mtundu wabuluu ndi wa chipani, wina amati wofiira ukukondera Bullets ndipo otsatira Wanderers sadzagula, mkulu wa mpingo amafunsa chifukwa chimene mtsikana wa pachikuto sanavale chitenje, ndipo mnyamata wina amene ali ndi kompyuta ku Area 5 amalemba kuti zikuto zonse zitatu n'zoipa, n'kusiya nambala yake. Chisankho chikatha, mlembi amasankha chikuto chimene ankachifuna kale n'kuthokoza onse chifukwa cha umodzi wawo, ndipo ogonja amalengeza kuti mavoti aberedwa.

Vuto lenileni limayamba mlembi akayamba kugawa timagawo ta nkhani kuti anthu alawe, pakuti walira mvula walira matope. Owerenga amene anapemphedwa maganizo pa chikuto saona chifukwa choti asapereke maganizo pa nkhani yomwe, ndipo amayamba kulamula kuti mtsikana asafe, kuti mwamuna wachinyengo agwidwe m'mutu wachiwiri, ndi kuti m'busa wa m'nkhaniyo asinthidwe akhale sing'anga pofuna kuteteza mbiri ya mpingo. Choopsa kwambiri ndi gulu la odzizindikira, amene ndi anthu oona nkhope zawo m'nkhani imene sinawatchule. Mlembi akamatuluka m'mawa, chikwama chili kukhwapa, amapeza mwini nyumba ataima pampopi, manja ali m'chiuno, n'kumufunsa modekha kuti, "Achimwene, alandilodi a m'mutu wachitatu aja, owerenga zidebe za madzi aja, ndi a eriya iti?" Mlembi amayankha kuti, "Ndi nkhani yopeka chabe, mayi," ndipo mayiwo amavomera ndi mutu, koma mwezi wotsatira lendi imakwera mosapeka. Azakhali nawo amatumiza uthenga wa mawu wautali kuchokera kumudzi wokumbutsa kuti nkhani ya mbuzi za chiwongo ija inatha kalekale pabwalo la amfumu ndipo sikuyenera kuutsidwa m'mabuku.

Pofuna kusonkhanitsa omutsatira pamalo amodzi, mlembi amatsegula gulu la pa WhatsApp n'kudziika kukhala adimini, kutanthauza woyang'anira amene ali ndi mphamvu yolowetsa ndi kutulutsa anthu, ndipo amalowetsamo aliyense amene nambala yake ili mufoni, kuphatikizapo wometa, wogulitsa makala ndi munthu amene anamukongoza ndalama chaka chatha. Tsiku loyamba gululi limakamba za mabuku, tsiku lachiwiri limalandira vesi la m'mawa ndi uthenga wa maliro, ndipo pofika kumapeto kwa sabata limakhala msika wokhazikika, mmene wina akutsatsa mpunga wa Kilombero, wina nsapato za kaunjika, wina poloti la ku South Lunzu. Katundu yense ameneyu amagulidwa ndithu, zimene zimatsimikizira mlembi kuti m'gulumo muli ndalama, kungoti ndalamazo zili ndi malo ena opita.

Gawo lachitatu ndi kutchula mtengo, ndipo ndilo lachete kuposa onse. Mtengo wa buku sungakhale wotsika, chifukwa mapepala ndi inki zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, komanso wosindikiza makope ochepa amalipira zambiri pa kope lililonse kuposa wosindikiza zikwizikwi. Mlembi akangolemba mtengowo pamodzi ndi nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba, anthu amene ankayankha pakati pa usiku amayamba kukumana ndi mavuto a netiweki, ndipo timizere tiwiri tabuluu, tosonyeza kuti uthenga wawerengedwa, timakhala yankho lokhalo limene iye amalandira.

Anthu osagula amagawika m'magulu anayi, ndipo gulu lililonse lili ndi chilankhulo chake chaulemu. Loyamba ndi la amalonjezo, amene mawu awo ndi akuti "Ndikupezani kutha kwa mwezi," popanda kutchula mwezi wake. Lachiwiri ndi la apachibale, amene amakhulupirira kuti kugulitsa buku kwa munthu amene anakuona ukukwawa ndi kusaleredwa bwino, ndipo amayembekezera kope laulere losainidwa, lokhala ndi dzina lawo pa tsamba lothokoza. Lachitatu ndi la obwereka, amene amadikira kuti mnzawo agule, kenako bukulo limayenda kuchokera ku Area 1 mpaka ku Area 10, n'kubwerera lopanda chikuto chimene anthu anachivotera chija. Lachinayi, lomwe ndi lamakono kwambiri, ndi la opempha PDF, imene ndi buku losungidwa mufoni lotheka kutumizidwa kwa anthu ambiri pa kanthawi kochepa. A gulu limeneli amati, "Tangoponyani kuno, tikuthandizani kufalitsa," ndipo amafalitsadi mokhulupirika, mpaka tsiku lina mlembi amalandira buku lake lomwe kuchokera kwa msuweni wa ku Johannesburg, pamodzi ndi malangizo akuti aliwerenge chifukwa lingamuthandize kalembedwe. Lamulo loteteza zaluso la mu 2016 limaletsa kukopera ntchito ya munthu popanda chilolezo, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuti liteteze eni ntchito zotere, koma ndi alembi ochepa amene angalimbe mtima kukasumira mlamu wawo, amene adzakhale naye pa mphasa imodzi pa chinkhoswe chotsatira.

Pofuna kudzutsa msika, mlembi amakonza zowerenga bukulo pa kanema wa pompopompo, amene anthu amaonera pa nthawi yomweyo imene akujambulidwa. Foni imatsamiritsidwa ku botolo la mafuta ophikira, nsalu yoyera imapachikidwa kumbuyo kuti ibise ndowa ndi mbaula, ndipo ana amalonjezedwa mandasi ngati akhale chete. Mlembi akangofika pa ndime yomvetsa chisoni, tambala wa aneba amalira, wogulitsa masamba amaitanira pampanda, magetsi amazima, ndipo oonera, amene bandulo yawo ikutha, amalemba kuti "Sitikukumvani akulu" ndi "Mutipatseko moni ife a ku Bangwe." Theka la nthawi limathera pa kupereka moni, popeza kudumpha dzina la munthu amene wawononga bandulo yake ndi mlandu umene ungakambidwe mwezi wathunthu.

Chimake cha mwambowu ndi tsiku lokhazikitsa buku, limene limachitikira muholo ya sukulu kapena ya tchalitchi, ndipo dongosolo lake silisiyana kwenikweni ndi perekaniperekani wa paukwati. Mlendo wolemekezeka, amene amasankhidwa poyang'ana thumba lake, amafika mochedwa, amadandaula kuti Amalawi sakonda kuwerenga, amatchula molakwika dzina la bukulo, kenako amagula kope loyamba pa mtengo wodzidzimutsa umene anthu amauombera m'manja ndi nthungululu. Ndalamayo imakhala ya lonjezo, ndipo miyezi yotsatira mlembi amadziwana bwino ndi mlonda komanso sekilitale wa ku ofesi ya bwanayo, amene nthawi zonse amakhala kuti angotuluka kumene. Pa ogula enieni ochepa aja, ena amapempha kuti buku liwapeze kunyumba, ndipo wakabaza akatchula mtengo wa ulendo wa ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa zimadziwika kuti pa malonda onsewa iye ndiye wapeza phindu looneka.

Chilungamo chimafuna kuti mlembi nayenso aunikidwe, chifukwa iye sali kunja kwa chikhalidwe chimene amadandaula nacho. Kawirikawiri amakhala kuti sanagulepo buku la mlembi mnzake, ngakhale kuti pansi pa chithunzi cha mnzakeyo analembapo kuti kope loyamba ndi lake. Ndalama yolipira mkonzi, amene ndi munthu wowongola chilankhulo ndi kayendedwe ka nkhani, anaigwiritsa ntchito posindikiza chikwangwani chachikulu cha nkhope yake, kotero kuti mwininkhani amene anali Chikondi pa tsamba loyamba amapezeka ali Chisomo pakati pa buku popanda mwambo uliwonse wosintha dzina. Cholakwika chotere chimatha chaka chisanatulukire, popeza ogula ambiri amajambulitsa atanyamula bukulo, amalemba kuti ndi lozama kwambiri, n'kuliika pamwamba pa kabati, pamene limakhala bwinobwino osasokonezedwa.

Zonsezi sizitanthauza kuti intaneti ndi mdani wa mabuku. Mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu inafalikira kwambiri kudzera pa intaneti, iye n'kukalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, buku lake lolembedwa pamodzi ndi Bryan Mealer n'kutuluka mu 2009, ndipo filimu yake inaonetsedwa pa Netflix mu 2019. Chimene otsatsa ambiri amachiiwala n'chakuti mnyamatayo anayamba wawerenga buku la mulaibulale n'kumanga makina ake a mphepo, ndipo kutchuka kunabwera ntchito itaoneka kale. Foni imafikitsa uthenga wa mlembi wa ku Machinjiri kwa Amalawi a ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Cape Town pa mtengo umene alembi akale sakanaulota, ndipo pakati pa khamu laphokoso lija mumapezeka anthu ochepa, kawirikawiri amene sanalembepo komenti, amene amatumiza ndalama mwakachetechete, amawerenga mpaka tsamba lomaliza, n'kufunsa kuti lachiwiri lituluka liti.

Tsono chigamulo n'chosavuta. Mlembi ayambe wamaliza buku, alipereke kwa mkonzi, ndipo powerengera makope oti asindikize adalire ndalama zimene zalowa mufoni, pokumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wowerenga naye, ngati ufa wakwera ndipo buku sangalikwanitse mwezi uno, anene zoona, pakuti mlembi angamumvetse. Koma ngati analemba poyera kuti kope loyamba ndi lake, apite kwa ejenti wapafupi akatumize ndalamayo, atenge bukulo ndipo aliwerenge.