Malemu atumiza uthenga pa maliro awo

Sewero la kuchipatala likafika chaka chomaliza, olemba ake amachita ngati munthu wothawa lendi usiku: china m'thumba, china kwa aneba, chokana kulowa m'galimoto amangochiswa. Ndinaziona pa House, sewero la ku America limene linaonetsedwa pa Fox kuyambira 2004 mpaka 2012. Ife tinaonera mochedwa, pa ma DVD obwereka: ine, mayi a kunyumba, ndi azakhali anga amene anabwera kudzacheza masiku atatu.

Chaka chomalizacho chimayamba Dokotala Gregory House ali kundende. Mlandu wake? Atasiyidwa ndi chibwenzi chake Lisa Cuddy, yemwenso anali bwana wake pa chipatala cha Princeton-Plainsboro, anatenga galimoto n'kukalowa nayo m'nyumba mwake, osadzera pakhomo. Azakhali anagwira pakamwa.

"Kodi kwawoko kulibe ankhoswe?"

Ndinawauza kuti Cuddy sadzaonekanso, poti Lisa Edelstein amene ankasewera gawolo anachoka. Sanakhulupirire. Chitseko chilichonse chikatseguka m'seweromo ankati, "Ndi ameneyo, wabwera kudzatenga ndalama za khoma."

Womutulutsa m'ndende ndi Foreman, mnyamata amene House ankamunyoza tsiku ndi tsiku, pano ndiye mkulu wa chipatala chonse. Amutulutsa atamumanga kachipangizo kolondolera pamwendo. Munthu wotsimphina kale, woyendera ndodo. Mayi a kunyumba anafunsa ngati kachipangizoko kamagulitsidwa m'tauni. Ankayang'ana ine.

Dokotala Taub yekha anawatsitsimula azakhali. Ana awiri aakazi, amayi awo osiyana, obadwa nthawi yoyandikana, wina Sophie wina Sophia. "Apa ndiye Mulungu wamuchitira chifundo," anatero. "Akalakwitsa dzina angonena kuti lilime linaterereka."

Kenako kuseka kunazilala. Wilson, dokotala wa khansa, munthu yekhayo amene anapirira House zaka zonsezi, apezeka ndi khansa, ndipo akana kupitiriza mankhwala. Kwamutsalira miyezi isanu. Usiku umenewo nsima inazizira m'mbale. Azakhali anapita kukagona osatsanzika, m'mawa n'kutiuza kuti anamupempherera.

Tsono taonani chimene chinamugwetsa House. Munthu woti zaka zonsezi ankameza mapiritsi a Vicodin ngati mtedza, kutuma anzake kukathyola nyumba za odwala, kutukwana aliyense wovala malaya oyera. Zonsezo anapulumuka. Foreman amupatsa matikiti okaonera masewero a hockey, iye mwachipongwe awataya m'chimbudzi n'kugejemula. Mapaipi atsekeka, madzi asefukira, denga ligwera pa makina a MRI. Chigamulo: abwerere kundende miyezi isanu ndi umodzi. Azakhali anawerenga zala. Isanu ya Wilson. Isanu ndi umodzi ya House. Anayang'ana chala chotsalacho ngati chawalakwira.

"Chimbudzi," anatero pomaliza. "Munthu wophunzira choncho, chimbudzi."

Gawo lotsiriza linaonetsedwa koyamba pa 21 May 2012. House ali m'nyumba imene ikuyaka moto, ndipo m'malo mothawa akucheza ndi akufa. Woyamba kubwera ndi Kutner, dokotala amene anadzipha zaka zitatu m'mbuyomo. Ndinayesa kufotokoza kuti mnyamatayo, Kal Penn, ali moyo, anangosiya seweroli mu 2009 kukagwira ntchito ku White House kwa Barack Obama. Azakhali anati ndisasokoneze, mizimu ikulankhula.

Nyumba ija iphulika. Mtembo upezeka, mano ake agwirizana ndi zolembedwa za House. Mwambo wa maliro uchitika, aliyense aimirira kunena zabwino, monga mmene timachitira tonse ngakhale malemu atapita ndi ngongole yathu. Wilson yekha alephera kudzigwira, ayamba kunena zoona: kuti malemuwa anali odzikonda, ovuta, ozunza anzawo. Ali pakati, foni ilira. Uthenga womuuza kuti atseke pakamwa, chitsiru iwe. Wotumiza ndi malemu.

Zoona zake n'zakuti House anatulukira kumbuyo, atasinthanitsa zolembedwa za mano ake ndi za wodwala wina wosuta heroin amene anafera m'nyumbamo. Wataya dzina, wataya ntchito, kuti miyezi isanu ija akhale ndi mnzake. Ine pamenepo kukhosi kunandiuma, sindibisa. Olembawo anathyola zambiri posamuka, koma ichi anachinyamula bwino.

Azakhali anali ndi mafunso ena.

"Ndiye anthu onsewa amalira ndani?"

"Wa heroin uja, azakhali."

"Abale ake anauzidwa?"

Sindinayankhe.

"Nanga chipepeso abweza?"

Zotsalazo zinapita mothamanga. Dokotala Chase, amene chaka chomwecho anabayidwa ndi wodwala n'kupulumuka, alandira ofesi ya House. Taub ali ndi ana ake. House ndi Wilson akwera njinga zamoto, ulendo. Cuddy sanabwere.

Ndinazimitsa TV n'kufunsa azakhali, mwaulemu, kuti basi ya kumudzi imanyamuka nthawi yanji. Anati iwo nkhaniyi aipeza kumapeto, sangapite osadziwa chimene chinachitika ndi mwendo wa munthuyu, tiyambire pachiyambi. Seweroli lili ndi magawo 177.