Tsiku limene ndinafufuta ntchito ya anzanga

Mu 2022 ine ndi anzanga atatu tinagwirizana zoika Python pa fulashi imodzi, yoti mphunzitsi akangoibaya pa kompyuta ya kusukulu, chilichonse chilowe popanda intaneti. Python ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991 ali ku Amsterdam, ndipo n'chaulere: aliyense akhoza kuchitenga, kuona m'kati mwake, ngakhale kukonzamo. Koma ulere umenewu umam'fika bwino munthu amene ali ndi intaneti. Ukalemba pip install, kompyuta imathamangira ku PyPI, malo a pa intaneti osungirako mapukusi a Python, kukatenga zimene wapempha, ndipo ngati bandulo yatha umangotsala ndi zilembo zofiira pa sikirini. Kwathu ku Milepa zimenezi n'zatsiku ndi tsiku.

Tinali omwazikana. Mnyamata wina anali ku Zomba, ndipo iye ankayesa ngati zinthu zikugwira. Achemwali ena a kwathu konkuno, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Johannesburg, ndiwo analemba kapulogalamu kosonkhanitsa zonse zofunika n'kuziika pa fulashi. Panalinso aphunzitsi a masamu a pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma lathu lino la Chiradzulu, eni ake a ana amene tinkawakonzera zonsezi. Ine gawo langa linali lolemba maphunziro m'Chichewa, ndi zitsanzo za pamsika wathu: kuwerengetsa mtengo wa milu ya tomato, kapena phindu la thumba la nandolo ukachotsa ya kabaza. Pamwamba pa Python tinasankha Thonny, pulogalamu yolemberamo imene Aivar Annamaa anakonzera ophunzira pa yunivesite ya Tartu ku Estonia. Tinaikonda chifukwa imayenda mzere umodziumodzi, mwana n'kumaona ndi maso nambala ikusintha. Ntchito yonse inkakhala m'nkhokwe imodzi pa GitHub, aliyense n'kumatumizako zake kudzera pa Git.

Chaka chimenecho magetsi anali ovuta kwambiri. Namondwe Ana anali atawononga damu la Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo mu Meyi kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Laputopu yanga ndinkakatchaja kometera kwa mnyamata wina wa sola, n'kubwera nayo kunyumba ndikuiteteza ngati kuti batire lingathe ndi kungoiyang'ana. Bandulo ndinkagula yaing'ono, yongokwanira WhatsApp. Choncho ndinazolowera kulemba ndekha osalumikiza, ndipo kwa nthawi yaitali sindinakoke zatsopano za anzanga. Mauthenga a pagulu lathu ndinkangowadutsa, makamaka akakhala aatali ndi a Chingerezi chambiri. M'mutu mwanga ndinkati zimenezo n'za amene akukonza makina, ine ndi wa maphunziro.

Mmene ndinali chete choncho, anzanga anali atapeza vuto lalikulu n'kulithetsa. Aphunzitsi aja atayatsa makompyuta a kusukulu kwawo, amene anabwera ngati mphatso atagwirapo kale ntchito kwina, anapeza kuti onse ndi a Windows 7. Python womaliza kugwira pa Windows 7 ndi 3.8, kuyambira 3.9 kupita m'tsogolo amakana. Ife tinali titayamba ndi 3.10. Achemwali aja anakhala mausiku, ataweruka kuntchito, kubweza chilichonse kuti chigwirizane ndi 3.8, kusankha phukusi lililonse palokha, ndipo mnzathu wa ku Zomba anabwereka kompyuta yakale kuti ayesere. Zitatheka anazitumiza m'nkhokwe. Ine sindinadziwe kanthu.

Linali Lachinayi usiku pamene ndinamaliza phunziro la tomato. Aphunzitsi anali atanena kuti Loweruka ndi tsiku loyamba la ana, ndiye ndinafunitsitsa kuti phunziro langa likhalemo. Ndinatuluka panja pomwe netiweki imagwirako, n'kukhala pa mpando wa ndalema, laputopu pamiyendo, foni ili pambali kugawira intaneti. Ndinalemba git push. Git inakana. Inandiuza momveka bwino kuti m'nkhokwe muli ntchito imene ine ndilibe, ndipo ndiyambe ndakoka imeneyo. Mawuwo ndinawawerenga ndipo ndinawamva. Koma batire linali litafiira, ndipo ndinkaopa kuti kukoka ntchito ya anzanga kundidyera bandulo yonse. Kufunsa pagulu ndinachita nako manyazi, poti kukanaulula kuti sindinkatsatira zimene ankakambirana. Ndinafufuza mwachangu pa foni, n'kupeza yankho lina lalifupi lonena kuti ungowonjezera mawu amodzi. Ndinalemba git push --force. Zinapita nthawi yomweyo. Ndinatseka laputopu mtima uli m'malo, n'kukagona.

Tanthauzo la zimene ndinachita ndi ili. Git imasunga ntchito ngati mndandanda wa masitepe, lililonse likulozera limene linabwera m'mbuyo mwake. Ukatumiza zako, imayamba yaona ngati zikukhala pamwamba pa zimene zilipo kale. Ngati sizikutero imakana, kuti za munthu wina zisatayike. Mawu oti force amaiuza kuti isaone chilichonse, ingotenga mndandanda wako kukhala woona. Zili ngati kulowa m'munda wa banja ndi khasu n'kugalauza mizere imene abale ako abzala kale, poti iwe sunalipo pobzala. Nkhokwe yathu inabwerera pamene inali tisanadziwe za Windows 7, kungoti pamwamba pake panali phunziro langa la tomato.

Lachisanu aphunzitsi anakwera minibasi kupita ku Limbe, komwe anapeza intaneti yamphamvu. Anakopera nkhokwe yonse mwatsopano, n'kuyendetsa kapulogalamu kaja, fulashi n'kudzaza. Analibe chifukwa chokayikira, poti anali atauzidwa kuti zonse zili bwino. Inali nyengo imene mafuta ankasowa m'dziko muno, ndipo anaima pamzere nthawi yaitali kuti apeze petulo wa jenereta, wogula ndi ndalama za m'thumba mwawo, podziwa kuti magetsi sangawadalire. Loweruka m'mawa ana anabwera, ena atayenda mtunda wautali wapansi, atsikana ena atachita kupemphedwa kwa makolo ndi aphunzitsiwo. Jenereta inalira. Anabaya fulashi pa kompyuta yoyamba, ikukana. Yachiwiri, chimodzimodzi. Anayesa onse, petulo akutha, ana atakhala atatuatatu pa benchi kuyang'ana kabokosi konena kuti pulogalamuyi singalowe pa kompyuta imeneyi. Dzuwa lisanafike pamutu anawauza kuti azipita.

Chithunzi cha kabokosiko chinafika pagulu masana. Mnzathu wa ku Zomba anayankha kuti n'zosatheka, iye anayesa yekha. Patapita kanthawi analembanso kuti ntchito ya 3.8 mulibe m'nkhokwe, ndipo anafunsa kuti wakhudzamo ndani. Ine ndinawerenga, thupi lonse n'kuzizira, chifukwa ndinadziwa pompo. Apa ndi pamene pali cholakwa chimene chimandipweteka kuposa choyamba chija: sindinayankhe. Ndinazimitsa deta, n'kumadziuza kuti mawa ndidzati netiweki inavuta. Usiku umenewo aphunzitsi anagona akuganiza kuti mwina ndi iwo amene analakwitsa ku Limbe.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi foni inalira, nambala ya ku South Africa.

"Achimwene, muli bwanji kumudziko?"

"Tili bwino achemwali, kaya inu?"

"Tilipo. Pepani ndifunse mosazungulira. Lachinayi munapusha ndi force?"

Dzina langa linali pamwamba penipeni pa mndandanda, choncho ankadziwa kale. Anafuna kuti ndinene ndekha. Ndinavomera, ndipo ndinafotokoza za batire, za bandulo, za manyazi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Za ntchitoyo musadandaule, ili pa laputopu yanga, ndibweza lero lomwe. Koma aphunzitsi muwaimbire nokha. Iwo aja akudziimba mlandu kuyambira dzulo."

Anabwezadi madzulo omwewo, ndipo sizinawatengere nthawi. Linus Torvalds atalemba Git mu 2005, kuti izithandiza anthu ambirimbiri amene amakonza Linux ali m'maiko osiyana, anaikonza moti aliyense wokopera nkhokwe amatenga mbiri yake yonse. Ya pa GitHub ndi imodzi chabe mwa makope. Zimene ndinafufuta zinali zikadali ku Johannesburg ndi ku Zomba, sitepe lililonse ndi nambala yake. Achemwali anazitumizanso, kenako anandiyendetsa pa foni mmene ndingakokere zawo n'kuika phunziro langa pamwamba ndi git pull --rebase. Nditaona kukula kwa zimene ndinakoka ndinagwira pakamwa. Zinali zilembo zokhazokha, zochepa kuposa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp. Bandulo imene ndinkaiteteza ija sikanamva n'komwe.

Anandiuzanso kuti ngozi yotereyi inagwerapo anthu odziwa kuposa ine. Mu 2013 munthu wina wothandiza nawo pa pulogalamu yotchuka ya Jenkins anatumiza ndi force mosadziwa ku nkhokwe zoposa 150 nthawi imodzi, ndipo anzake anagwirizana n'kubwezeretsa. Sananene zimenezi pofuna kuchepetsa mlandu wanga, koma poonetsa kuti gulu lathu nalonso linasiya chitseko chosatseka. Sabata yomweyo tinatseka nthambi yaikulu ya nkhokwe kuti munthu asamalembemo mwachindunji, ngakhale achemwali eni akewo. Aliyense amatumiza zake pa nthambi ina, n'kupempha kuti ziphatikizidwe, ndipo wina amayamba waziwerenga. Umu ndi mmenenso amachitira okonza Python weniweniyo chisamukireni ku GitHub mu 2017: zosintha zimabwera ngati pempho, makina amaziyesa, anthu n'kuziunika zisanalowe. Ndinaphunziranso kuti pali --force-with-lease, imene imakana ngati mnzako watumizapo kanthu iwe usanaone.

Pali chinthu chimodzi chimene mpaka lero chimandikwiyitsa. Mayankho ambiri a pa intaneti amapereka force ngati mankhwala a msanga, chenjezo n'kuliika pansi kapena osaliika n'komwe. Wolembayo amaganiza za munthu amene ali ndi nthawi yowerenga tsamba lonse. Saganiza za munthu wokhala panja usiku, batire litafiira, akuwerenga pa kafoni kosweka galasi. Mlandu ndi wanga, poti Git inandichenjeza ndipo ndinamva. Komabe amene timalemba zophunzitsa anzathu tiziyamba tanena chimene lamulo lingawononge tisanalipereke. M'maphunziro athu a Chichewa gawo la Git ndinalilemba ndine, ndipo ndinayamba ndi uthenga wokana uja, kufotokoza kuti ukauona uime, ukoke, ndipo ngati sukumvetsa ufunse.

Aphunzitsi ndinawaimbira, kenako ndinapita ndekha pa njinga ndi fulashi yokonzedwa. Ndinapepesa, ndipo ndinapempha kuti petulo wa ulendo wotsatira ndigule ine. Anavomera kupepesako, za petulo anati tigawana. Tinaika Thonny pa makompyuta onse madzulo amodzi, magetsi atabwera. Koma tsiku lina loti ana abwerenso linapezeka mochedwa, mayeso atayandikira, mvula itagwa, makolo akufuna ana kumunda Loweruka. Anabwera ochepa kuposa poyamba. Ena mwa atsikana amene aphunzitsi anachita kukawapempha sanabwerenso, ndipo zimenezi palibe lamulo la Git limene likanazibweza.

Mwa amene anabwerawo munali mtsikana wa Fomu 2 amene amayi ake amagulitsa tomato. Anatsegula phunziro lija, n'kumadina batani loyendetsa mzere umodziumodzi, akuyang'ana kumanja komwe Thonny imaonetsa manambala. Atafika pa mtengo wa mulu anaima, n'kunena kuti mtengo umenewo ndi wakale. Anaufufuta, n'kulemba wa sabata imeneyo, n'kuyendetsanso. Kenako anafunsa ngati angawonjezere tomato woola amene sagulika, chinthu chimene ine sindinachiganizire polemba. Tinamuonetsa pochotsera, ndipo mzere wakewo unalowa m'phunzirolo, utadutsa m'manja mwa mnzathu wa ku Zomba monga mwa lamulo lathu latsopano.

Fulashi ija ikugwirabe ntchito, koma ili ndi vuto lina. Okonza Python anasiya kusamalira 3.8 mu Okutobala 2024, ndipo Microsoft inasiya Windows 7 kalekale, mu Januwale 2020. Mapukusi ambiri atsopano sakulolanso 3.8. Achemwali akuti tichotse Windows pa makompyuta akalewo tiikepo Linux, imene ingalole Python watsopano pa makina omwewo. Aphunzitsi akukayika, poti ana amaphunziriranso Word ndi Excel pa makompyuta omwewo, ndipo akuluakulu a sukulu sangavomere msanga. Ine ndapereka ganizo loti Linux izidzukira pa fulashi pomwepo osakhudza zimene zili m'kati mwa kompyuta. Ndinaliyesa pa laputopu yanga, ndinalemba zimene ndinapeza pamodzi ndi pamene zikuchedwa, ndipo ndinatumiza pa nthambi yakeyake kuti anzanga aliunike.