Phiri Ndimalidziwa, Koma Chakunsi

Ife ana a machona a ku Shurugwi mapiri timawadziwa, koma timawadziwira kunsi. Bambo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Mthandizi nadzalowa mumgodi wa chrome tauni ino ikadali Selukwe, dzina lomwe linasinthidwa mu 1982. Nditakula ndinawatsatira kudzenje komweko. Munthu wa mumgodi sakwera phiri. Kheji imamutsitsa m'mawa, kheji imamukweza madzulo, ndipo kumapeto kwa mwezi amalandira malipiro. Zokwera phiri ndi miyendo yako, popanda wokulipira, tinkaziona ngati matenda a azungu ndi a mipingo yopemphera usiku.

Ndiye kunabwera namwino wina wachitsikana, kundimanga chingwe pamkono, kuyang'ana manambala, kenako kuyang'ana mimba yanga. "Agogo, muziyenda. Osati kupita pabawo ayi, kuyenda kwenikweni." Madzulo ake, pabawo pomwepo, ndinalengeza kuti Loweruka ndikakwera phiri la pamwamba pa Boterekwa. Ndinkayembekeza kuti anthu andiletsa. Palibe anandiletsa. Alamu anga, omwe ndi msungichuma wa sosaite yathu ya maliro, anangoika nkhomo pansi nati, "Tipitira limodzi."

Julayi wa ku Midlands sachita nthabwala. Udzu umadzuka utayera ndi chisanu, madzi a mundowa amaluma zala. Ndinavala kabudula, thalauzi, ovolosi yakale ya kumgodi, majuzi awiri, jekete la kutchalitchi, chipewa chaubweya ndi jombo. M'chikwama munalowa fulasiki ya tiyi ndi mbatata zophika. Mayi akunyumba anaima pakhomo atafunda bulangete. "Bambo ake, mukupita kuphiri kapena mukusamuka? Mundiuziretu ndiyambe kugulitsa nkhuku." Anandipatsanso mdzukulu wathu wa Giredi 6 kuti, m'mawu awo, pakhale wina wodziwa kuthamanga.

Boterekwa, yomwe azungu ankaitcha Wolfshall Pass, ndi msewu uja wokhotakhota wotsikira ku Zvishavane. Ndaudutsa kambirimbiri pakombi, maso ali chitsinzinire, pakamwa pali pemphero. Tsikuli tinausiya msewuwo, tinalowa kanjira ka otola nkhuni, chiperoni chitaphimba zonse moti mtengo unkaonekera utakugunda kale.

Tisanafike patali, munthu amene ndinachoka kunyumba ndikunjenjemera ndinayamba kuphikika. Jekete linavulidwa, juzi inatsatira. Mtima unasamukira m'makutu. Koma kunena kuti ndatopa pamaso pa mdzukulu, chikhalirecho ndinamuuza kuti ndinkanyamula jekihama ndi dzanja limodzi, zinali zosatheka. Choncho ndinapeza nzeru. Mpweya ukandithera ndinkaima, kutola mwala, kuutembenuza, kuulavulira pang'ono, kuupukuta ndi chala chachikulu, n'kugwedeza mutu ngati katswiri. "Mmm. Uwu uli ndi nkhani." Amayi atatu osenza mitolo ya nkhuni, mmodzi ali ndi mwana kumbuyo, anatidutsa akucheza za mtengo wa mafuta ophikira, osapuma n'komwe. Ine ndinali pa kafukufuku.

Vuto la nzeru ndi lakuti ana amazikhulupirira. Mwala uliwonse umene ndinauyamikira, mdzukulu ankautola mwakachetechete n'kuuponya m'chikwama chimene chinali kumsana kwanga. Ndinkangodabwa kuti mbatata zikulemera bwanji chonchi.

Kafukufukuyu anakopanso alendo. Mapiri a Shurugwi masiku ano ndi odzaza makorokoza, anyamata okumba golide pawokha, ndipo maenje awo ali paliponse, ena obisika m'udzu, opanda ngakhale kamtengo kochenjeza. Tauniyi inayamba ndi golide mu 1899 ndipo zikuoneka kuti golideyo sanatsanzike. Anyamata anayi, matope mpaka m'nsidze, anatulukira m'nkhungu atanyamula mafosholo. Anali atandiona ndikulavulira miyala ndipo ankafuna kudziwa chimene mdala wapeza. Wamkulu wawo anakhuthula chikwama changa pansi, anatola mwala waukulu kuposa yonse, anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anandibwezera ndi manja awiri mwaulemu. "Mdala, uwu ndi wabwino kwambiri. Mukapeze ena awiri, agogo aakazi aziphikirapo."

Alamu anaseka mpaka kukhala pansi. Ine, pofuna kuonetsa kuti nkhaniyo sinandikhudze, ndinapitirira patsogolo mwamphamvu, jombo inaterereka, ndipo ndinagwira chingwe choyamba chimene dzanja linapeza. Chinali chitedze. Chouma bwino, cha nyengo yake. Amene sanakumanepo ndi chitedze asaweruze. Ovolosi inavulidwa, thalauzi inavulidwa, ndipo pa msinkhu wanga uno ndinavina m'kabudula pakati pa phiri, fumbi kobo, kuposa gule amene tinkathawa tili ana mukomboni. Anyamata aja anaombera m'manja. Mmodzi anandipaka dothi m'mikono, ndipo linathandizadi, ngakhale ulemu wanga sunapezeke dothi loupaka.

Za mbatata ndinena mwachidule. Pamene ine ndinkavina, nyani wina anali pa ntchito. Anatisiyira fulasiki, mwina chifukwa samwa tiyi wopanda mkaka.

Chigawo chomaliza ndinakwera ndi manja ndi mawondo, ndipo sindinatolenso mwala. Titafika pamwamba panali mphepo yokha ndi nkhungu. Ndinakhala pathanthwe ndikuwerengera m'mutu zimene ndataya: mbatata, khungu, mbiri. Kenako dzuwa linakwera, chiperoni chinayamba kung'ambika, ndipo ndinaiwala kukanda.

Pansi pathu Boterekwa inali kudzipinda m'mbali mwa phiri, lole yonyamula miyala ikukwera pang'onopang'ono, phokoso lake likutipeza mochedwa. Mitengo ya msasa inali isanafiire, imeneyo ndi ntchito ya kumapeto kwa Ogasiti, koma zigwa zinali zobiriwira m'mitsinje, zotuwa m'zitunda, ndi mabala ofiira pamene anthu akumba. Kutali, mizere ya mapiri inkatsatana mpaka kusungunuka mumtambo. Kumeneko ndiye kuli Great Dyke, msana wa miyala wa makilomita oposa 500 umene umadula dziko la Zimbabwe pakati, wodzaza chrome ndi platinum, umene mgodi wa Unki ukudya lero. Ndi msana umenewu, pamodzi ndi mapiri a chrome ozungulira tauni yathu, umene unaitana amuna a ku Dedza, Ntcheu, Chipata ndi Tete, ambiri osabwereranso. Ndagwira miyala ya dziko lino mumdima zaka zonse za mphamvu zanga, nyali ili pachipumi, koma sindinkadziwa kuti kunja kwake n'kokongola chotere. Tauni yonse, mulu wa zinyalala za mgodi, malata a ku Makusha, manda amene bambo anagona, mbali imene Ian Smith anabadwira mu 1919, zonse ndinaziphimba ndi chikhatho chimodzi chotupa.

"Agogo, nanga ku Malawi ndi kuti?"

Ndinaimirira, ndinakonza kabudula, ndinaloza molimba mtima. "Uko. Ukadutsa mapiri awo, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, wafika kwathu."

"Alamu," anatero alamu anga, "kumeneko ndi ku Bulawayo."

Ananditembenuza ndi mapewa mpaka ndinayang'ana kumpoto chakum'mawa. Kunali mapiri ena, ofanana ndi oyamba aja. Tinayang'anabe, atatu tonse, tikupatsirana chivindikiro cha fulasiki.

Pamwamba pa phiri netiweki imagwira bwino kuposa m'chipinda changa, ndipo foni inayamba kulira ngati yasungira mkwiyo. Uthenga woyamba unali wa mayi akunyumba, wofunsa ngati agulitse nkhuku zija. Wachiwiri unali wa sosaite ya maliro, wondikumbutsa kuti ndatsalira ndi zopereka, ndipo membala wotsalira akamwalira komiti iyenera kukhala pansi kaye isanatulutse bokosi. Unatumizidwa usiku wa Lachisanu, ndi msungichuma.

Potsika, mawondo atasanduka phala, alamu anandigwira mkono njira yonse. Dzenje lililonse ankandilambalalitsa, mwala uliwonse woterera ankayamba aupondapo iwo. Chikwatirire mlongo wawo sanandisamalepo chotero. Titafika pamsewu anandilipirira kombi, nalemba ndalamayo m'buku la sosaite, pansi pa dzina langa.