Malangizo kwa wofuna kuumba bogi ya Pullman yaulere n'kutukwanidwa nayo

Mwaganiza zoumba bogi. Zikomo kwambiri, komanso pepani. Anzanu oyendetsa sitima zapamtunda pakompyuta, kaya ndi a Trainz, a Open Rails kapena a Train Simulator, akhala akudikira munthu ngati inuyo: wamtima wabwino, wosakonda tulo, wokonzeka kutha miyezi akuumba bogi yonyamula anthu ya ku America ya zaka 100 zapitazo, kenako n'kuigawa ulere kuti anthu amene sanaumbepo ngakhale wilo limodzi amuuze pamene waphonya. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndiye khalani pansi mumve mmene zimayendera kuno.

Poyamba penipeni vomerezani kuti mwasankha ntchito yosatamandika. Ulemu wonse umapita kwa woumba mutu wa sitima, chifukwa mutu umalira, umafuka utsi, ndipo ndi umene umaoneka pazithunzi zimene anthu amaonetsana. Inu mwasankha zokokedwa. Mukanasankha bogi ya malasha bwenzi mutaumba imodzi, mnzanu n'kuichulukitsa ka 100, sitima yakwana. Sitima ya anthu siilola zimenezo. California Zephyr, imene inkayenda pakati pa Chicago ndi Oakland kuyambira 1949 mpaka 1970, inali ndi bogi ya katundu, mabogi okhala ndi chipinda cha magalasi padenga choonerapo mapiri, yodyeramo, angapo ogonamo, ndi yotsekera kumbuyo, iliyonse ndi mazenera akeake komanso dzina lake loyamba ndi Silver. Mukatulutsa imodzi, musatchere khutu kudikira "zikomo". Chimene mudzamve ndi chakuti, "Nanga zinazo zituluka liti, achimwene?"

Tsopano lamulo lalikulu kuposa onse: werengani mariveti.

Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1930, kampani ya Pullman ya ku Chicago inkapanga mabogi achitsulo olemera matani pafupifupi 80, oyenda pa mawilo 12, ndipo zitsulo zake zinkalumikizidwa ndi timisomali ta mitu yobulungira, tondandalikana m'mizere kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Padziko pano pali anthu amene anabadwira kuti aziwerenga timisomali timeneti. Sitima saiyendetsa ayi. Amaiimika pasiteshoni, n'kuyandikitsa kamera mpaka mphuno itakhudza chitsulo, n'kuyamba: chimodzi, ziwiri, zitatu. Akafika pansi pa zenera lachisanu ndi chiwiri n'kupeza kuti mzere wanu wapelewera ndi timisomali tiwiri, tsiku lawo layenda bwino. Akadya nsima mokoma usiku umenewo.

Musaganize zowathawa, njira zonse anatseka. Mukaumba riveti iliyonse payokha, ma polygon amachuluka, ndipo kompyuta ya mnzanu imene inagulidwa Microsoft Train Simulator itangotuluka mu 2001 imayamba kutsokomola. Mlandu ndi wanu. Mukangowajambula pa texture, owerenga aja amayang'ana cham'mbali n'kulengeza kuti mwanamiza anthu, bogi yanu ndi yosalala. Mlandu ndi wanunso. Odziwa ntchitoyi amachita zapakati: timisomali amatiika pa normal map kuti kuwala kukamenya tizioneka totumphuka, ndipo bogi amaipangira matupi angapo, lina latsatanetsatane loonekera pafupi, ena osavuta oonekera patali, kuti gemu isamalimbane ndi zinthu zimene diso silingaone. Njirayi imagwira ntchito bwino lomwe. Koma kukupulumutsani kwa owerenga, iyayi.

Mukathana ndi timisomali, pakani penti yolondola. Apa n'posavuta, chifukwa penti yake ndi imodzi yokha, Pullman green, ndipo aliyense amaidziwa. Ndi yobiriwira, koma yakuda, koma yolowera ku bulawuni, koma osati kwambiri. Umboni wake ndi zithunzi zopanda mtundu, poti filimu ya Kodachrome inayamba kupezeka cha pakati pa m'ma 1930, mabogi ambiri atamwa kale mwaye wa malasha kwa zaka ndi zaka. Zithunzi zamtundu zimene zilipo zinajambulidwa dzuwa likuwala mosiyanasiyana, zinakhala m'makatoni zaka makumi angapo, wina anazilowetsa pakompyuta ndi makina ake, ndipo inu mukuzionera pa sikirini yosiyana ndi ya mnzanu. Kukangana za penti imeneyi kuli ngati kukangana za mchere wa ndiwo zimene munangozimva fungo podutsa kuseri kwa nyumba ya eni. Komabe kanganani, ndi mwambo. Mukatopa ndi wobiriwira, pali Tuscan red ya Pennsylvania Railroad ndi Armour yellow ya Union Pacific, ndipo uliwonse uli ndi akatswiri ake amene agogo awo anauona ndi maso.

Mwina mwaganiza zothawira ku mabogi opepuka a pambuyo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, onyezimira aja, opanda mizere ya timisomali. Mwaganiza bwino, pitani. Kumeneko mukapeza bogi yogonamo yotchedwa 10-6, yaitali mafiti 85, pafupifupi mamita 26, yokhala ndi tizipinda 10 ta munthu mmodzi ndi zipinda 6 za anthu awiri. Makampani ambiri a njanji anali nayo, ndiye mtima udzakuuzani kuti umbani imodzi, muipake penti za makampani 20, mugone. Mverani mtimawo ngati simukufunanso abwenzi. Mabogiwa ankapangidwa ndi makampani atatu, Budd, Pullman-Standard ndi American Car and Foundry, ndipo sankafanana. A Budd a ku Philadelphia ankawotcherera thupi lonse ndi chitsulo chosachita dzimbiri, luso limene anatchuka nalo pa Pioneer Zephyr ya 1934, ndipo mizere yamalata inkafika mpaka padenga. A Pullman-Standard nthawi zambiri ankamanga thupi ndi chitsulo china, pa mabogi ena n'kuliveka malata onyezimira pamwamba, denga n'kulisiya losalala. Madzi ankalowa kuseri kwa malatawo n'kudya chitsulo mwakachetechete, n'chifukwa chake mabogi ambiri a Budd ndi amene anakhalitsa. Mukaveka denga la Budd pa bogi ya Pullman-Standard, mudzaona anthu okalamba akulira ngati pamaliro.

Kumbukiraninso kuti bogi ili ndi mbali ziwiri, chinthu chimene ojambula zithunzi a nthawi imeneyo sankachidziwa. Onse ankaima kumene kuli dzuwa. Mbali ya zipinda ndi mbali ya kanjira kodutsamo zimasiyana mazenera, koma mudzapeza zithunzi zambirimbiri za mbali imodzi, za mbali inayo chimodzi chokha, chokhala ndi mtengo wa magetsi pamalo penipeni pamene mumafuna kuona. Kunsi kwa bogi ndiye sanajambuleko n'komwe. Kumeneko n'kumene kuli matanki a madzi, mabokosi a mabatire, jenereta ndi mapaipi a mabuleki, ndipo pa mabogi ena olemera aja panali mabokosi oikamo madzi oundana oziziritsira mpweya. Makina oziziritsira anawaika m'ma 1930, n'kuwonjezera ngalande za mpweya m'mbali mwa denga, moti bogi imodzi yomweyo ya 1925 ndi ya 1938 sizioneka mofanana. Sankhani chaka chimodzi, ndipo onse adzafuna chinacho. Mapulani enieni a ku fakitale alipo: ambiri amasungidwa ku Illinois Railway Museum ku Union, ndipo zikalata za kampani ya Pullman zili ku Newberry Library ku Chicago. Mukawapeza n'kuwatsatira mzere ndi mzere, padzapezeka munthu wokuuzani kuti mapulaniwo ndi amene analakwitsa.

Zotsalazi tithamange nazo. Lembani kalata yofotokoza mmene fayilo amaiikira, kuti pakhale chinthu chimene anthu sanawerenge. Bogi yanu ikaoneka ikuyandama yopanda mawilo pakompyuta ya wina, chifukwa sanapange dawunilodi fayilo ya mawilo imene munaitchula pamzere woyamba m'zilembo zikuluzikulu, pepesani. Phokoso la mawilo lichepetseni, komanso lichulutseni. Magetsi a m'kati aziyaka usiku, koma asawale. Mukapeza bogi yanu ikugawidwa kwina, itapakidwa penti yofiirira, dzina lanu litafufutidwa, sangalalani kuti mwatchuka.

Tsiku lotulutsa likafika, konzekerani kuona mwana wanu akulowa m'banja losayenera. Yemwe uja anakusowetsani tulo ndi timisomali tiwiri adzatenga Pullman yanu ya 1925 n'kuimangirira kumbuyo kwa injini ya dizilo ya masiku ano, pakati n'kuikapo ma Superliner a nsanjika, n'kulowa nazo ku Penn Station ku New York, kumene Superliner singakwane m'ngalande za pansi pa mtsinje. Sizimukhudza kuti mabogi akalewo ankafunditsidwa ndi nthunzi yochokera ku mutu wa sitima, pamene injini za lero zimatumiza magetsi, moti anthu ake onse akanafika atauma ndi chisanu. Mukamufunsa adzati, "Ndi gemu chabe, bwana." Dzulo sinali gemu.

Pali pothawira pamodzi pokha, ndipo ndikukupatsani ulere: chaka cha 1971. Kampani ya Amtrak itayamba ntchito pa 1 May chaka chimenecho, inatolera mabogi ku makampani osiyanasiyana n'kumawayendetsa osakaniza asanapakidwe penti yatsopano. Yachikasu ya Union Pacific inkatsatana ndi yonyezimira ya Santa Fe ndi yabuluu ya Great Northern pasitima imodzi. Aliyense akakufunsani chifukwa chake sitima yanu ikuoneka ngati yotoledwa, nenani kuti ndi 1971. Alibe poyankha. Musangopaka mizere ya Amtrak, poti nayonso ili ndi mibadwo yake, Phase I, Phase II, Phase III, ndipo m'badwo uliwonse uli ndi apolisi ake.

M'kati mwa bogi namo musaiwale. Umbani mipando yoyang'anizana imene usiku inkasanduka bedi, bedi lam'mwamba lotsika kuchokera kudenga, makatani obiriwira, timakwerero ndi nyali. Pa bogi ya 12-1, imene inali yochuluka kuposa ina iliyonse mwa ogonamo olemera aja, muchita zimenezi maulendo 12, kuwonjezera chipinda chimodzi cha olemera. Anthu adzalowamo kamodzi, n'kubwerera kumutu kukaliza hutala.

Koma apa ndiye nthabwala indithere pang'ono. Anthu amene amalumbira kuti akufuna zoona zokhazokha za m'mbiri, mpaka pa kamsomali, sindinawamve akufunsa za khoma. Mabogi ambiri a kum'mwera kwa dziko la America anali ndi khoma pakati, logawa azungu ndi anthu akuda. Mlandu wa Plessy v. Ferguson wa 1896, umene unaloleza tsankho limeneli, unayambira m'bogi ya sitima ku Louisiana. M'mabogi odyeramo munali katani yobisa tebulo la anthu akuda mpaka khoti lalikulu linaletsa mu 1950. Bogi ya Southern Railway nambala 1200, ndi khoma lake, ili m'nyumba yosungira mbiri ya anthu akuda ku Washington, aliyense akhoza kukaiyeza. Nanga bedi lija ankayala ndani? Pullman inkalemba amuna akuda masauzande ambiri kuti aziyala mabedi, kupukuta nsapato ndi kudzutsa anthu pasiteshoni yawo, maola okwana 400 pamwezi, okwera n'kumangowaitana onse kuti George, dzina la mwini kampani, George Pullman. Anayambitsa bungwe lawo, Brotherhood of Sleeping Car Porters, mu 1925 motsogoleredwa ndi A. Philip Randolph, ndipo anadikira mpaka 1937 kuti kampani isaine nawo pangano. Munthu ukakwiya ndi timisomali tiwiri koma osaona kuti khoma lonse lasowa, ndi wantchito yemwe wasowa, usatiuze kuti ukuteteza mbiri. Umakonda zitsulo basi, ndipo si tchimo, koma unene choncho.

Inu woumba, ngati pulani ikuonetsa khoma, liikeni. Ndi ma polygon ochepa kwambiri kuposa mzere umodzi wa mariveti.

Tibwerere kuntchito. Musalengeze tsiku lotulutsa, chifukwa mukalitchula lasanduka ngongole, ndipo angongole ake sagona. Musaonetsenso chithunzi cha ntchito yosatha, chifukwa adzakuuzani kuti bogi ilibe denga, ngati kuti inu simunaone. Mukamaliza zonse, mbali ziwiri zija, kunsi, m'kati, penti itavomerezedwa ndi theka la akatswiri, padzatulukira mkulu wina waulemu wake. Adzati ntchito njabwino ndithu, kungoti iye amasewera gemu ina, ndiye ngati simukutanganidwa muisinthe kuti igwirenso kumeneko, muwonjezere yodyeramo ndi ya makalata, makamaka Loweruka lisanafike. Muyankheni mwaulemu womwewo kuti pulogalamu youmbira ya Blender ndi yaulere, akhoza kuyamba lero.